Mudaona Nokha, Kapena Mudangomva?

Ana anga, ambiri a inu mudali ku pulayimale mu 2017, chaka chimene midzi ya m'tsinde mwa phiri la Mulanje idaleka kugona. Mu Sepitembala mudabuka mphekesera, ena amati idalowera ku malire a Mozambique, yoti kwabwera anamapopa, anthu oyenda usiku ndi zida zopopera anzawo magazi. Posakhalitsa nkhaniyo idafika ku Phalombe, ku Thyolo, ku Chiradzulu, ku Nsanje, mpaka mumzinda wa Blantyre. Mabanja adatuluka m'nyumba n'kumagona pabwalo mounjikana, moto uli pakati. Anyamata amsinkhu wanu womwewu adatseka misewu ndi miyala ndi zipika, kuimitsa galimoto, kusecha zikwama za apaulendo. Anthu osachepera 8 adaphedwa ndi magulu olusa. Mmodzi mwa iwo, ku Blantyre, adali mnyamata wodwala khunyu: adamugenda, n'kumuotcha. Bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe, azachipatala adayamba kuopa kulowa m'midzi, apolisi adamanga anthu oposa 100, ndipo Pulezidenti Peter Mutharika adachita kupita mwiniwake kukalankhula ndi anthu a m'maboma amenewo. Fumbi litakhazikika, madokotala sadapeze munthu ngakhale mmodzi amene thupi lake lidasonyeza kuti adapopedwa magazi.

Sindikukumbutsa izi kuti tiwaseke anthu amenewo. Adali anthu anzeru zawo, olima ndi kulera ana ngati ife tonse, ndipo mantha awo adali enieni. Komanso aka sikadali koyamba. Kumapeto kwa 2002, m'nthawi ya Bakili Muluzi, njala itangosautsa dziko, mphekesera yomweyi idayenda, yoti boma likusinthanitsa magazi a anthu ndi chakudya cha thandizo. Mu Januwale 2003 Eric Chiwaya, gavanala wa chipani cholamula ku Blantyre, adagendedwa mpaka kukagona m'chipatala. Mu 2020 idadzukanso m'maboma ena a pakati ndi kumpoto. Chinthu chobwerabwera chotere chidzabweranso, ndipo ulendo umenewo chidzakupezani inuyo muli akuluakulu a pamudzi, foni ili m'manja. Ndiye tiyeni tikambirane lero kudakali bata.

Tengani mayi amene wadzuka m'mawa n'kunena kuti, "Andipopa usiku." Musamutsutse msanga. Khalani naye pansi, mumufunse bwinobwino. Akuuzani kuti adamva mgugu kuseri kwa nyumba, adaona kuwala pa zenera, adafuna kukuwa koma mawu osatuluka, manja ndi miyendo osagwedezeka, ndipo kutacha ali ndi chizungulire, mawondo alibe mphamvu. Zonsezi zitha kukhala zoona, ndipo ine ndingamukhulupirire. Koma mwa zonse watchulazi, palibe pamene waona munthu, jakisoni kapena botolo la magazi. Za anamapopa sadazione ndi maso ake; adazimva masana pa mjigo. Mtima wake ndiwo udaphatikiza zimene thupi lidamva usiku ndi zimene makutu adamva masana, ndipo udaphatikiza mofulumira moti mwiniwake sadazindikire kuti ndi zinthu ziwiri. Nkhani yanga yonse yagona pamenepa.

Zimene adamva m'thupizo zili ndi njira yoziyezera. Kuchipatala amadziwa kuchuluka kwa magazi ndi kadontho ka pachala. Pobaya jakisoni pamaoneka. Munthu akayenda pa fumbi la Okutobala mapazi ake amatsala. Ndipo zofooketsa munthu m'nyengo imeneyo n'zambiri: malungo, kuchepa kwa magazi kumene kumavuta amayi ambiri, kugona ndi njala, kuchezera usiku ndi usiku chifukwa cha mantha omwewo. Ngakhale kudzidzimuka kutulo thupi n'kukanika kugwedezeka kwa kamphindi, madokotala amakudziwa. Kumachitikira anthu padziko lonse, makamaka otopa ndi osowa tulo. Wofuna choonadi amayamba wafufuza zimenezi. Wothamangira kunena kuti ndi anamapopa walumpha zonse, ndipo chomutsalira n'kusaka wolakwa: mlendo, wamisala, wodwala khunyu, kapena wopeza bwino amene ankamuchitira kale kaduka.

Ndiye mawu akamalowa m'makutu mwanu muzitha kuwasiyanitsa. Pali onena chimene chachitikadi, chomwe munthu aliyense, ngakhale mdani wanu, atha kupita kukachiona n'kupeza chimodzimodzi: mlatho wakokoloka, thumba la feteleza lakwera mtengo, mwana walephera mayeso a fomu 4. Pali maganizo, momwe munthu akuchionera chinthucho: kuti boma ili n'losasamala, kuti fodya sakulipiranso thukuta la mlimi, kuti mwanayo ndi waulesi. Maganizo si oipa. Popanda maganizo simungasankhe mbewu, simungasankhe banja, simungasankhe phungu. Amaipa pamene mwini wake akuwanena ngati chinthu chotsimikizika chimene wotsutsa aliyense ndi wopusa kapena wogulidwa. Koma pali mawu ena oopsa kuposa onsewa, onena chochitika chimene palibe wachitsimikiza. "Msungichuma wa tchalitchi wadya ndalama za denga." Amenewa si maganizo ayi. Ndalamazo zadyedwa kapena sizidadyedwe, ndipo buku la ndalama lilipo, la kubanki lilipo. Ndimamva achinyamata ambiri, akaipitsa mbiri ya munthu pa Facebook n'kufunsidwa umboni, amathawira koti, "Ndi maganizo anga, ndili ndi ufulu." Ufulu wa maganizo ulipodi, malamulo aakulu a dziko lino amauteteza, koma sukupatsani chilolezo chonena kuti munthu waba pamene simukudziwa ngati waba.

Makolo athu izi ankazidziwa, ndipo mukafuna kuziphunzira popanda fizi, kakhaleni pa bwalo la mfumu yodziwa ntchito yake tsiku la milandu. Mboni ikaimirira n'kuyamba ndi "akuti", nduna ya mfumu imaidula pomwepo. Akuti ndani? Iwe udalipo? Udaima pati? Kudali kowala kapena mdima? Ngati wouzayo ali moyo, amatuma mwana kukamuitana. Wodandaula akatha, woimbidwa mlandu amapatsidwa nthawi yake yonse, ngakhale mudzi wonse utamuda. Ndipo mfumu yanzeru, mlandu ukakhudza mphwake kapena mlamu wake, imausiya m'manja mwa ena, podziwa kuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Sindikuti zakale zonse zidali zolungama. Makolo omwewo ankamwetsa anthu mwavi, n'kumati wosanza ngwosalakwa, wakufa ndiye mfiti, pamene chosanzitsa kapena chopha chidali kuchuluka kwa ululu wa m'khungwa la mtengowo ndi mphamvu za thupi la womwayo. Adafa osalakwa ambiri, ndipo lamulo la 1911 lidachita bwino kuuletsa. Kwa makolo tengani kafunsidwe ka pa bwalo kaja, mwavi muusiye.

Ndikunena choncho chifukwa mtima wa mwavi sudafe. Mu Januwale 2016, ku Neno, mphenzi idapha mtsikana wa zaka 17. Posakhalitsa anthu okalamba 4, a banja lomwelo, adaphedwa powaganizira kuti ndiwo adatumiza mphenziyo. Chochitika chidali chimodzi: mphenzi yapha mwana, m'dzinja, nyengo imene mphenzi zimagwa. Zotsalazo zidali maganizo obadwa m'chisoni ndi mkwiyo. Tsono dzifunseni kuti bwanji chala chimakonda kuloza nkhalamba. N'chifukwa chakuti mtima umakhala utagamula kale tsoka lisanagwe. Gogo wa maso ofiira ndi utsi wa pa mafuwa, woyankhula yekha chifukwa anzake onse adatsikira kuli chete, wosokera njira ya kwawo chifukwa ukalamba wamuiwalitsa, anthu amakhala atamusunga kale m'mitima. Maliro akangochitika, dzina lake ndilo liyamba kutuluka. Nkhani iyi imandiwawa kwambiri, pakuti amene akufa motere ndi amsinkhu wanga, ndipo akufera m'manja mwa adzukulu amene adawabereka kumsana. Sindikukangana nanu pa zimene mumakhulupirira za ufiti. Izo n'za mumtima mwanu. Ndikungoti chikhulupiriro si umboni woti mutolere chikwanje, ndipo lamulo lomwe lija la 1911 limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu.

Kukondera kumagwira ntchito mwakachetechete, n'chifukwa chake wokondera sadzidziwa. Pitani ku Kamuzu Stadium tsiku limene Bullets ikuthambitsana ndi Wanderers. Wosewera agwa pafupi ndi golo, woimbira aloza penate. Mbali ina ya bwalo ilumbira kuti amutchera mwendo, mbali inayo ilumbira kuti wadzigwetsa dala. Onsewa aona ndi maso, dzuwa likuswa mtengo, ndipo palibe amene akunama mwadala. Aliyense waona chimene mtima wake udachoka nacho kunyumba. Za mpira zimathera m'kuzazirana m'minibasi, koma mtima womwewo timapita nawo kovota, ku tchalitchi, ku mzikiti, ku ofesi yolemba anthu ntchito. Choncho ngakhale mutaona nokha, dzifunseni kuti, kodi ndisanaone ndimafuna kuti zikhale bwanji? Nkhani ikakukomerani kwambiri, ikanena zoipa za munthu amene mumadana naye kale, kapena zabwino zokhazokha za amene mumamukonda, pamenepo ndiye pofunika kudekha. Bodza lotsutsana ndi mtima wanu mumaligwira nokha mosavuta. Limene limakupitani pansi ndi lokukomerani.

Yesani kusintha maina. Mwamva kuti nduna ya chipani chimene simuchikonda yaba ndalama za boma. Mukadamva zomwezo, ndi umboni womwewo, za nduna ya chipani chanu, mukadavomera? Ngati mukadayamba mwafunsa mapepala, afunseninso apa.

Kukondera kumene kwativulaza kwambiri kuno kwathu ndi kwa mtundu ndi chigawo, ndipo kumayamba ndi kawerengedwe kolakwika. Munthu wa mtundu wina akakunyengani pa malonda, mumasunga mtundu wake. Wa kwanu akakunyengani, mumasunga dzina lake lokha. Zaka zikapita mumadziona ngati muli ndi umboni wambiri wonena za mtundu wathunthu, pamene anthu a mtundu womwewo amene adakubwezerani chenje chonse, amene adakunyamulani mutachita ngozi, amene adaphunzitsa mwana wanu kuwerenga, simudawawerenge. Maganizo otere akakwera pa mpando amasanduka lamulo. Mu 1989 boma la Kamuzu Banda lidalamula kuti aphunzitsi abwerere kukaphunzitsa m'zigawo za kwawo, pa chinenezo choti aphunzitsi ochokera kumpoto ankaphunzitsa mwaulesi dala ana a pakati ndi kummwera. Mabanja adasamutsidwa, sukulu zina zidatsala zopanda aphunzitsi odziwa ntchito, ndipo olangika adali ana omwe aja ankati akuwateteza.

Tsono ndikuuzeni za nthawi imene dziko lonse lidamva ndi makutu ake momwe chochitika chimalekanitsidwira ndi maganizo. Chisankho cha pa 21 Meyi 2019 chitatha, bungwe loyendetsa zisankho la MEC lidalengeza kuti Peter Mutharika wapambana ndi 38.6 peresenti ya mavoti, Lazarus Chakwera wapeza 35.4, Saulos Chilima 20.2. M'misewu aliyense adali ndi chigamulo chake. Ena amati abera, ena amati wolephera sasowa chonamizira. Chilima ndi Chakwera adakasuma, ndipo kuyambira Ogasiti mpaka Disembala oweruza 5, Healey Potani, Ivy Kamanga, Dingiswayo Madise, Redson Kapindu ndi Mike Tembo, adamva mboni ku Lilongwe, wailesi zikuulutsa ndi kumasulira m'Chichewa. Amene tidatchera khutu tidaphunzira zambiri. Mboni, kaya ya mbali iti, inkafunsidwa mafunso achindunji: pepala ili ndi la malo ovotera ati, nambala iyi adasintha ndani, woyang'anira adasaina pati, inuyo mudalipo? Ukali wa pa msonkhano wa chipani udalibe ntchito m'menemo. Chofunika chidali pepala loti oweruza aligwire ndi manja n'kuliwerenga.

Pa 3 Febuluwale 2020 khoti lidapereka chigamulo cha masamba pafupifupi 500, chowerengedwa kuyambira m'mawa mpaka usiku. Lidapeza kuti mapepala ambiri a zotsatira adafufutidwa ndi Tippex, ena adali osasainidwa, ena adali makope achiwiri m'malo mwa mapepala enieni, ndipo zolakwikazo zidachuluka moti zotsatira sizikadadalirika. Lidalamula chisankho chatsopano, khoti la Supreme lidagwirizana nazo mu Meyi, ndipo anthu adavotanso pa 23 Juni. Koma taonani chimene oweruzawo sadanene. Sadanene kuti wopambana weniweni adali uje. Anthu ambiri ankafuna kumva zimenezo, koma mapepala owonongeka aja sakadatha kusonyeza wopambana, ndiye oweruza adalekezera pamene umboni udalekezera. Kaya kwanu mudali mbali iti, luso limeneli ndi limene ndikufuna mulitenge: kunena zokhazo zimene umboni ukulolani, zotsalazo osazidzaza ndi zofuna za mtima.

Pali kulakwa kwina kumene ndimakuona mwa ophunzira. Akangodziwa kuti mphekesera zimanama, amayamba kunyoza chilichonse chochokera kumudzi n'kumameza chilichonse chochokera ku ofesi. Kumapeto kwa 2001 anthu a m'midzi, ansembe ndi mabungwe ankanena kuti kunja kuno kwagwa njala, anthu akudya gaga ndi mizu ya kuthengo. Chimanga cha m'nkhokwe za boma chidali chitagulitsidwa. Akuluakulu adachedwa kuvomereza, ndipo pofika Febuluwale 2002, pamene boma lidalengeza kuti dziko lili pa ngozi, anthu adali atayamba kale kufa. Apo oona adali a kumudzi. Chimodzimodzi nkhani ya kuphedwa kwa abale athu achialubino, imene idakula kuyambira cha mu 2014: idali yoopsa ngati nthano, koma idali yoona. Kusiyana kwa nkhani zimenezi ndi ya anamapopa sikuli pa amene adazinena, kaya wa kusukulu kaya wa kumunda. Kuli pakuti wopita kukaona ankapeza ndithu: nkhokwe yopanda kanthu, mwana wotupa mapazi, mtembo, manda ofukulidwa, mlandu kukhoti. Ya anamapopa, ukaitsatira, nthawi zonse inkachitikira mudzi winawo, kwa msuweni wa mnzake wa wokuuzayo.

Motero udindo wa munthu pawokha si umboni. Nduna itha kulakwa, m'busa atha kulakwa, mphunzitsi, sing'anga, ngakhale kholo lokuberekani. Mawu a akulu akoma akagonera, inde, koma amakoma chifukwa nthawi yawayesa n'kuwapeza oona, osati chifukwa cha imvi za wowanena. Aliyense mufunseni mwaulemu kuti wadziwa bwanji. Wodziwadi sakwiya nalo funso limeneli, amakondwa kukuonetsani. Pa zinthu zimene simungathe kuyeza nokha, onani amene ali ndi zida zoyezera ndiponso mbiri ya zimene adanenapo kale. Mu Malichi 2023 a zanyengo adachenjeza za namondwe wa Freddy asanafike. Sadalote, ankamuona pa makina akudutsa panyanja. Adafika ndithu, matope ndi miyala zidatsika m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, midzi ya ku Mulanje ndi Phalombe idakokoloka, ndipo anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa. Ambiri adalibe kothawira, sindikuwaimba mlandu. Ndikungoti chenjezo lotere si maganizo a munthu oti n'kumati nanenso ndili ndi anga.

M'masiku athu mphekesera inkayenda wapansi kapena pa njinga, ndipo isanafike mudzi wachitatu inkakumana ndi munthu wochokera komweko n'kuitsutsa. Lero mawu ojambulidwa pa WhatsApp achoka ku Nsanje, afika ku Chitipa ndi ku Johannesburg nsima isanapse. Wolankhulayo satchula dzina. Amangoti ndi namwino wa pa chipatala china chachikulu, kapena msilikali amene walimba mtima kuulula chinsinsi, ndipo amamaliza ndi kukupemphani kuti mutumize kwa onse amene mumawakonda. Chithunzi cha ngozi ya kudziko lina, ya zaka zapitazo, amachilemba kuti ndi pa Zalewa lero m'mawa. Masiku ano makompyuta atha kupanga ngakhale mawu ndi nkhope ya munthu wodziwika akunena zimene sadanenepo. Nkhani yoona imabwera ndi dzina, malo ndi tsiku, zinthu zoti mutha kuzilondola. Ngati muli ndi mnzanu wa kusukulu amene amakhala kumaloko, muimbireni. Tsegulani wailesi, MBC, Zodiak, Times, kapena ya m'dera lanu. Onani ngati Nation kapena Daily Times alemba. Atolankhani nawo amaphonya, ena amakondera, koma ali ndi maina ndi maofesi, atha kusumiridwa, ndipo nyumba zofalitsa nkhani zosiyana maganizo pa ndale zikanena chinthu chimodzi, mutha kukhazikako mtima pansi. Wa mawu opanda dzina uja palibe adzamufunse.

Zotsatira za kusafunsa tidaziona pa katemera wa Covid-19. Mu Januwale 2021 matendawa adapha nduna ziwiri tsiku limodzi, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama. Katemera adafika mu Malichi, koma mafoni adali atadzaza kale ndi nkhani zoti ngwoletsa kubereka, ngwa chizindikiro cha chilombo, obayitsa onse afa pakatha zaka ziwiri. Ambiri adaopa. Mu Meyi boma lidaotcha katemera 19,610 amene masiku ake adatha; adafika nthawi yake itatsala pang'ono, komanso anthu sankabwera mokwanira. Zaka ziwiri zija zidakwana n'kudutsa. Obayitsa aja tili nawo, akulima, akubereka ana. Koma otumiza mauthenga aja sindidamvepo akubwerera kudzapepesa.

Si mantha okha amene amatseka maso. Chilakolako nachonso chimatero. Wobetcha mpira amakuonetsani tikiti imodzi imene adawina, zimene adang'amba sakuonetsani. Atsikana athu ena adapita ku Oman atamva za ntchito za malipiro abwino, n'kukapeza ukapolo m'nyumba za anthu, mapasipoti atalandidwa. Chithunzi cha mnzanu atatsamira galimoto yokongola chikusonyeza galimoto ndi mnzanuyo basi. Zoti nanunso zikakuyenderani ndi mawu a munthu wofuna ndalama zanu. Funsani za amene zidawakanika, ali kuti, alipo angati, adabwerako bwanji. Safunsa adadya phula.

Ndipo musaganize kuti izi ndi za ndale ndi za pa wailesi zokha. Mabanja ambiri amene ndawaona akupasuka adapasuka ndi "akuti". Wina wakunong'onezani kuti adaona akazi anu akutsika njinga ya mwamuna wina madzulo. Chimene adaona ndi munthu akutsika njinga, mwina ya kabaza. Zina zonsezo wawonjezera ndi iye, ndipo nsanje yanu iwonjezeranso zake usiku wonse. Ankhoswe abwino sagamula atamva mbali imodzi, ngakhale wolirayo ali mwana wa mlongo wawo. Amaitana onse awiri, n'kufunsanso wonong'oneza uja kuti abwere adzanene poyera. Nthawi zambiri safika.

Chovuta kwambiri ndikuchidziwa, ndi kufunsa pakati pa gulu. Anthu akalusa, wofunsa umboni amamutcha mnzawo wa anamapopa, ndipo ine sindikukutumani kukaima kutsogolo kwa zikwanje. Gulu likasonkhana kale, chimene mungathe ndi kusatola mwala, kusakuwa nawo, kuthamangira kwa mfumu, kuimbira apolisi, ndipo ngati mpata ulipo kukokera woganiziridwayo m'nyumba ya mfumu. Nthawi yeniyeni ya mafunso ndi gulu lisanasonkhane: pa mjigo, pa bawo, pa siteji ya kabaza, m'gulu la WhatsApp la banja, nkhani idakali yaing'ono. Kafunsidwe nakonso kali ndi ulemu wake. Amalume akatumiza uthenga woopsa, simuwayankha pamaso pa onse kuti ndi bodza. Mumati, "Zikomo amalume potichenjeza. Kodi zachitikira mudzi uti, kuti tiwaimbire a kumeneko timve bwino?" Funso lotere silichotsa mkulu ulemu, koma limapatsa onse owerenga mpata woti apume ndi kuganiza asanatumize kwina.

Nanunso polankhula zolowerani kulekanitsa: ichi ndaona, ichi ndamva kwa uje, ichi ndikungoganiza. Pamene simukudziwa, nenani kuti simukudziwa. Anthu amazindikira msanga munthu wotere, ndipo tsiku limene adzati "ndaona" amamumvera. Komabe tsiku lina mudzatumiza nkhani n'kuzindikira mawa lake kuti idali yabodza, pakuti zimenezi zimagwera aliyense wokhala ndi foni. Musangofufuta mwakachetechete. Bwererani m'gulu lomwelo, lembani momveka kuti uthenga wa dzulo uja sudali woona, nenani kumene mwapeza zenizeni, ndipo pemphani amene adautumiza kwina kuti nawonso akakonze. Ngati mudatchula dzina la munthu, ndipo munthuyo amakhala kofikika, musapepese pa foni. Tengani mkulu mmodzi wa kwanu, mupite kunyumba kwake, mukanene mawuwo pamaso pa akazi ake kapena amuna ake ndi ana ake, chifukwa mawu oyamba aja nawonso adawamva.